Mafunso ndi mayankho: anthu a trans oyamba kudziwika, ndi matepi amene anasunga mawu awo

Nkhani ya anthu a trans ikangotuluka pagulu sipalephera kupezeka wina onena kuti izi nzachilendo, zabwera dzanadzanali ndi intaneti. Ine ndakhala ndikumvetsera mawu a anthu amenewa ojambulidwa pa matepi akale, ambiri mwa iwo anamwalira kalekale, ndipo mafunso ali mmusimu ndi omwe anthu amandifunsa kawirikawiri, ena ndimadzifunsa ndekha. Zambiri zinachitikira ku America ndi ku Ulaya nde ndazisiya komweko.

Poyamba penipeni, munthu wa trans ndi ndani?

Ndi munthu amene pobadwa azamba anati uyu ndi mwamuna, koma iyeyo pokula amadzidziwa kuti ndi mkazi, kapenanso anati ndi mkazi koma iye amadzidziwa kuti ndi mwamuna. Ena sadziona mbali iliyonse mwa ziwirizi. Si nkhani ya amene ukumukonda ayi, imeneyo ndi ina, iyi ndi nkhani yoti iweyo ndiwe ndani.

Mawu oti transgender anafala mma 1990, nde ukamamvera matepi akale usadabwe kumva anthu akudzitchula mawu ena, ena oti lero amamveka ngati chipongwe. Marsha P. Johnson ankadzitcha drag queen komanso transvestite, mawu onena za munthu obadwa ngati mwamuna amene amavala zachikazi, Christine Jorgensen ankanenedwa kuti transsexual. Ine ndimaona kuti sibwino kuwachotsa mawu awo mkamwa nkuikamo athu. Chichewa chimatipeputsirako poti "iye" ndi iye basi, alibe chimuna kapena chikazi, koma mayeso amabwera pa mayi ndi bambo, achemwali ndi achimwene. Pano ndikutchula aliyense mmene ankakhalira komanso mmene ankafunira mwini wake.

Mbiri yapakamwa ndi chani, bwanji osangowerenga zolembedwa?

Ndi kukhala pansi ndi munthu amene anaona zinthu ndi maso ake, kuyatsa chojambulira mawu nkumusiya afotokoze. Nzofanana ndi mmene timadziwira za makolo athu, palibe anazilemba koma agogo amadziwa kuti banja linachokera kuti, ndani anakwatira ndani, njala ya 1949 inawapeza ali mudzi uti. Kusiyana kwake nkoti apa mawuwo amakasungidwa mu laibulale kuti wina aliyense adzamve.

Kwa anthu a trans izi nzofunika kuposa kwa ena chifukwa mapepala ambiri okhudza iwo analembedwa ndi anthu atatu, wapolisi, dokotala ndi mtolankhani. Wapolisi analemba mlandu, dokotala analemba matenda, mtolankhani analemba zoti nyuzipepa igulidwe. Mwini nkhani sanafunsidwe, olo atafunsidwa mawu ake ankadulidwa.

Komanso zolembedwa zimapsa. Ku Berlin dokotala Magnus Hirschfeld anatsegula malo ofufuzira nkhani zimenezi mu 1919, ankathandiza anthu a trans ndi mankhwala, ntchito, ngakhale ziphaso zoonetsa apolisi kuti asamangidwe chifukwa cha zovala. Pa 6 May 1933 achinyamata a chipani cha Nazi anathyola malowo, pa 10 May mabuku ndi mafayilo ake anatenthedwa pabwalo anthu akuonerera. Panali mayi wina dzina lake Dora Richter amene ankagwira ntchito zapakhomo pamalopo ndipo anachitidwa opaleshoni yosintha ziwalo zake kuti zikhale zachikazi mu 1931, kwa zaka zambirimbiri anthu ankangoti anaphedwa nthawi imeneyo, mpaka posachedwapa ofufuza anapeza kuti anapulumuka ndipo anamwalira mu 1966 ali nkhalamba ku Bavaria. Zaka 33 za moyo wa munthu zinangosowa chonchi chifukwa panalibe anapita kukamufunsa.

Woyamba kutchuka dziko lonse anali ndani?

Christine Jorgensen. Sanali woyamba kuchitidwa opaleshoni, Dora Richter ndi Lili Elbe anamutsogolera ndi zaka 20, koma ndi amene dzina lake linafika pakhomo lililonse. Anabadwa mu 1926 ku Bronx mu New York, analowa usilikali mu 1945, kenako mu 1950 anapita ku Denmark komwe anakumana ndi dokotala Christian Hamburger amene anamuyambitsa mahomoni. Dzina loti Christine analitenga pothokoza dokotala ameneyu. Ali ku Copenhagen analembera makolo ake kalata yowauza kuti chilengedwe chinalakwitsa, iye wakonzetsa, tsopano ali ndi mwana wamkazi.

Pa 1 December 1952 nyuzipepa ya New York Daily News inaika nkhani yake patsamba loyamba, mutu wake unali woti msilikali wakale wasanduka chiphadzuwa, ndipo pomwe amatsika ndege ku New York mu February 1953 anapeza atolankhani ali mbwee ndi makamera. Munthu amene anali wamanyazi anapezeka alibe kothawira, ntchito wamba sakanaipezanso, nde anasankha kukwera pa siteji, kuimba ndi kusangalatsa anthu mmakalabu ausiku, kenako kumayenda mmayunivesite kukalankhula ndi ophunzira mpaka ukalamba wake. Mafunso ambiri anali amwano, okhudza za mkati mwa zovala, iye ankayankha modekha ndithu. Ine ndimaona kuti kampeni yake inali imeneyo, kuima pamaso pa anthu chaka ndi chaka osabisala.

Zotsatira zake zinaoneka mmakalata. Hamburger analandira makalata mazanamazana ochokera mmayiko osiyanasiyana, anthu akunena kuti nanenso ndili chonchi, ndimayesa ndili ndekha. Koma kutchuka sikunamugulire chilichonse ku ofesi ya boma, mu 1959 anafuna kukwatiwa koma anamukaniza chiphaso cha ukwati poti setifiketi yake yobadwira inkati mwamuna, ndipo bwenzi lakelo linachotsedwa ntchito nkhaniyi itamveka. Anamwalira ndi khansa mu 1989 ku California.

Nanga onsewa ankafuna kutchuka?

Ayi, ambiri anachita kuyalutsidwa. April Ashley wa ku Liverpool anachitidwa opaleshoni ku Casablanca mu 1960, anabwerera ku London nkumajambulidwa zithunzi zotsatsa zovala mpaka mu Vogue, mu 1961 munthu omudziwa anakagulitsa nkhani yake ku nyuzipepa ndipo ntchito yonse inatha nthawi yomweyo. Mu 1970 jaji anagamula kuti ukwati wake ndi Arthur Corbett sunali ukwati chifukwa pamaso pa lamulo iye ndi mwamuna, chigamulo chimenechi chinapweteka anthu onse a trans ku Britain kwa zaka zoposa 30, mpaka lamulo latsopano la 2004. April analandira setifiketi yobadwira yolembedwa kuti mkazi mu 2005 ali ndi zaka 70, mu 2012 anapatsidwa ulemu wa dziko la Britain wotchedwa MBE, anamwalira mu 2021.

Michael Dillon, mwamuna wa trans amene anali dokotala wa pa sitima zapamadzi, nyuzipepa zitamuulula mu 1958 anasiya zonse nkupita ku India komwe analowa moyo wa amonke achibuda, anamwalira komweko mu 1962.

Ndipo pali Lucy Hicks Anderson amene anthu amamuiwala, mwina chifukwa anali wakuda. Anabadwa mu 1886 ku Kentucky, anayamba kukhala ngati mtsikana ali mwana, anadzakhala ophika odziwika bwino mtauni ya Oxnard ku California. Mu 1945 anamutengera ku khoti pomuimba mlandu woti ananama polembetsa ukwati, iye anayankha kuti abwere dokotala wina aliyense padziko pano adzatsimikize kuti iye si mkazi. Apa nkuti Jorgensen asanamveke nkomwe. Nchifukwa chake ndikamva kuti "woyamba" ndimayamba ndafunsa kuti woyamba kwa ndani.

Zipolowe za ku Compton's zinali zotani? Sindinazimvepo

Simuli nokha, kwa zaka pafupifupi 30 zinali ngati sizinachitike, ndipo apa ndi pamene mbiri yapakamwa inagwira ntchito yooneka ndi maso.

Compton's inali lesitilanti yotsegula usiku onse pa mphambano ya misewu ya Turk ndi Taylor, dera la Tenderloin ku San Francisco. Azimayi a trans ankasonkhana pamenepo chifukwa ngakhale mabala a ma gay ambiri sankawalola kulowa, nde munthu umagula kapu imodzi ya khofi nkukhala nayo mpaka mbandakucha, kupumitsa mapazi, kuona kuti anzako onse abwerako amoyo. Mzindawu unali ndi lamulo la 1863 loletsa kuvala zovala zomwe akuti si za mtundu wako, linachotsedwa mu 1974, nde apolisi ankangobwera nkunyamula amene afuna. Usiku wina mu August 1966 wapolisi anagwira mmodzi pamkono, iye anamukhuthulira khofi kumaso, pompo chipwirikiti, makapu, mbale ndi timabotolo ta shuga kuuluka, magalasi kusweka, anthu kumenya apolisi ndi zikwama ndi nsapato zagogoda, galimoto ya polisi kuphwanyidwa panja.

Manyuzipepa sanalembe, mafayilo a polisi a nthawi imeneyo kulibe, mpaka lero chodziwika ndi mwezi basi. Susan Stryker, katswiri wa mbiri amenenso ndi wa trans, anapeza kandime kakang'ono konena za usikuwo mmapepala akale, nde anayamba kusakasaka anthu amene ankakhala mderalo nthawi imeneyo, monga Amanda St. Jaymes, Felicia Elizondo ndi Tamara Ching, nkuwakhazika pansi pamaso pa kamera. Filimu yake inatuluka mu 2005. Akanachedwa ndi zaka zochepa chabe bwenzi ena mwa azimayiwa atapita nayo kumanda nkhaniyi. Mu 2017 mzinda unavomereza kuti dera limenelo lizidziwika ngati dera la chikhalidwe cha anthu a trans.

Kodi ndi zoona kuti Marsha P. Johnson ndi amene anaponya njerwa yoyamba ku Stonewall?

Mwini wake anakana. Stonewall Inn inali bala ya ma gay ya pa Christopher Street ku New York, apolisi analowamo mwadzidzidzi kudzagwira anthu usiku wa pa 28 June 1969 ndipo anthu anabweza, zipolowe zinatenga masiku angapo. Nkhani ya njerwa yafala kwambiri pa Facebook ndi kwina konse, koma mu 1989 mtolankhani Eric Marcus anamujambula mawu Marsha ndipo iye ananena yekha kuti anali kumtunda kwa tauni, anafika cha mma 2 koloko mbandakucha atapeza zinthu zayaka kale.

Ena zimawakhumudwitsa, ine ayi. Munthu oti dziko likufuna kumupatsa ulemu waulere koma iye nkunena kuti ayi ndinafika mochedwa, ameneyo ndimamukhulupirira pa zina zonse zomwe akunena. Ndipo njerwa imodzi ndi chani poyerekeza ndi zomwe anachita kwa zaka 20 zotsatira.

Nde anachita chani chenicheni?

Anadyetsa ana ndi kuwapezera pogona. Marsha anabadwa mu 1945 ku Elizabeth, New Jersey, anafika ku New York mu 1963 ali ndi madola 15 ndi kachikwama ka zovala. Ankavala maluwa kumutu, ndipo P wa pakati pa dzina lake ankati akuimira mawu achingerezi otanthauza kuti usazitengere. Mnzake Sylvia Rivera anabadwa mu 1951, mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 3, analeredwa ndi agogo ake ochokera ku Venezuela amene ankamumenya chifukwa cha makhalidwe ake achikazi, nde anathawa pakhomo asanakwanitse zaka 12 nkuyamba kugona mmisewu ya ku Times Square. Ankadziwa njala ya mumsewu chifukwa anaigonera, paja amati wamva mmimba ndiye atsekula chitseko.

Mu 1970 awiriwa anayambitsa gulu lotchedwa STAR. Poyamba ankagoneka ana othamangitsidwa kwawo mu ngolo ya lole yomwe inkaoneka ngati yotayidwa, ndipo Sylvia ankafotokoza kuti mmawa wina akuchokera kokasaka chakudya anaona lole ikunyamuka ana ali mtulo mkatimo. Atatero anapeza nyumba yakutha pa East 2nd Street, anaikonza okha, lendi ndi chakudya ankalipira pogulitsa thupi usiku kuti anawo asapite kumsewu. Nyumbayo sinathe chaka, anawatulutsa mu 1971 chifukwa cha lendi. Zinali zazing'ono komanso zosalongosoka, kunali mowa, mankhwala ozunguza bongo, mikangano, sindikubisa, koma panthawiyo kunalibe wina amene ankachita zimenezi.

Chomwe chimandipweteka ndi cha 1973. Pa msonkhano wa Pride, mwambo wa chaka ndi chaka wokumbukira zipolowe za ku Stonewall, ku Washington Square mu New York, okonza sankafuna anthu ngati Sylvia pa siteji, ankati akuwaonongera mbiri pomwe iwo akufuna kuoneka olemekezeka. Sylvia analimbana mpaka anagwira maikolofoni, gulu likumukuwiza, ndipo vidiyo yake ilipo mutha kuiona, mawu asasa, akuwauza kuti abale ndi alongo anu ali mndende amandilembera makalata sabata iliyonse inu simuwayankha, ine ndamenyedwa, ndathyoledwa mphuno, ndamangidwa, ntchito yandithera, nyumba yandithera chifukwa cha ufulu omwewu, nde mukundichita zimenezi? Pambuyo pake anachoka mu mzinda ndipo anasiya za kampeni kwa zaka pafupifupi 20.

Mtembo wa Marsha unapezeka mu mtsinje wa Hudson mu July 1992, apolisi anathamangira kunena kuti wadzipha, anzake anakana, fayilo inatsegulidwanso mu 2012. Sylvia anabwerera, anagonanso panja mmbali mwa mtsinje omwewo kwa kanthawi, kenako anadzukanso nkuyambiranso ndewu yake. Anamwalira ndi khansa ya chiwindi mu February 2002, ndipo ali pa bedi mchipatala anaitanitsa atsogoleri a mabungwe kuti akambirane za bilu yoteteza ma gay ku New York yomwe inasiya anthu a trans panja. Biluyo inadutsa chaka chomwecho opanda iwo. Yowateteza inadzadutsa mu 2019.

Bwanji mukungotchula azimayi, amuna a trans ali kuti?

Analipo, kungoti makamera sankawathamangira. Reed Erickson anali ndi chuma cha banja ndipo kuyambira 1964 bungwe lake linkalipira kafukufuku, timabuku tofotokozera anthu komanso ntchito ya madokotala ngati Harry Benjamin. Ndalama zake zinali kuseli kwa zinthu zambiri za nthawi imeneyo.

Koma amene ndimamukonda ndi Lou Sullivan. Anabadwa mu 1951 ku Milwaukee, anasamukira ku San Francisco mu 1975, anali mwamuna wa trans amene ankakonda amuna anzake, ndipo madokotala a nthawiyo ankati munthu otero kulibe, nde ankamubweza mzipatala. Iye sanatope, ankalembera makalata madokotala mmodzimmodzi, ankayankha kalata iliyonse yochokera kwa mwamuna wa trans amene anali yekhayekha kwinakwake, mu 1986 anayambitsa gulu lomwe linadzakhala FTM International. Atapezeka ndi HIV anavomera kujambulidwa pa vidiyo akucheza ndi dokotala Ira Pauly kuti madokotala ena aphunzirepo, thupi likutha koma akufotokozabe. Anamwalira ndi Edzi mu 1991 ali ndi zaka 39. Analemba madayale kuyambira ali mwana, ndipo anali mmodzi mwa oyambitsa malo osungira mbiri a GLBT Historical Society komwe madayalewo ali lero. Ameneyu anazindikira msanga kuti ukapanda kusunga wekha palibe adzakusungire.

Zokumbukira za munthu tingazikhulupirire? Anthu amaiwala, ena amawonjezera

Zoona, ndipo ofufuza abwino sabisa zimenezi. Sylvia ananena kangapo kuti analipo usiku oyamba wa Stonewall, koma akatswiri ena ngati David Carter atafunsa anthu ambiri anakayikira. Palinso nkhani yomwe imamveka pa matepi ambiri yoti apolisi ankawerenga zovala, ukapezeka ulibe zovala zitatu za "mtundu wako" umakagona mchitokosi, koma ofufuza atasanthula mabuku a malamulo a ku New York lamulo la zovala zitatu sanalipeze, lomwe linalipo ndi lakale la 1845 loletsa kudzibisa nkhope.

Nde kodi anthuwo ananama? Ine ndimati ayi. Chimene tepi ikukuuza ndi mmene wapolisi ankachitira pa msewu 3 koloko usiku, zimene buku la malamulo silingakuuze. Njira yake nkumvera anthu ambiri, kufananitsa, kuika pambali pa mapepala amene alipo, pomwe akusiyana nkunena poyera kuti apa akusiyana.

Nanga kuno ku Africa ziliko zoterezi?

Ziliko. Ku Johannesburg kuli GALA, malo osungira mbiri amene anayamba mu 1997 pa yunivesite ya Wits. Kumeneko kuli zithunzi mazanamazana za Kewpie, okonza tsitsi wa ku District Six mu Cape Town amene ankakhala moyo wake ngati mkazi poyera, zithunzi za mma 1950 kupita mtsogolo, ali ndi anzake atatchena madiresi, zina anajambulitsa pa mabwinja boma la tsankho litagumula nyumba za mderalo. Bungwe la Gender DynamiX linayamba ku Cape Town mu 2005.

Kwathu ku Malawi ambiri tikukumbuka za Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza, chinkhoswe ku Blantyre mu December 2009, kumangidwa, chigamulo cha zaka 14 mu May 2010, kenako Bingu wa Mutharika kuwakhululukira Ban Ki-moon, mkulu wa bungwe la United Nations panthawiyo, ali mdziko muno. Manyuzipepa a kuno ndi akunja omwe analemba kuti amuna awiri, pomwe Tiwonge ankanena kuti iye ndi mkazi ndipo omudziwa ankamutcha Aunt Tiwo. Ndi vuto lomwe lija la Lucy Hicks Anderson, aliyense kulemba za iwe koma ochepa kumva zomwe ukunena.

Ndingazimve kuti ndekha?

Zambiri ndi zaulere bola bandulo, ndipo zili mchingerezi. NYC Trans Oral History Project ili ndi macheza ambiri ojambulidwa mogwirizana ndi New York Public Library. Ku yunivesite ya Minnesota, Andrea Jenkins anayamba mu 2015 kujambula anthu a trans pafupifupi 200, ndipo mu 2017 iyeyo anasankhidwa kukhala khansala wa mzinda wa Minneapolis. Digital Transgender Archive ili ndi zithunzi, makalata ndi timagazini takale. Fufuzaninso macheza a Miss Major Griffin-Gracy, amene anakhalapo mndende za ku New York nkudzathera moyo wake akumenyera azimayi a trans omangidwa.

Koma ngati mukufuna poyambira, matepi a Eric Marcus ali pa podikasiti ya Making Gay History. Yambani ndi ya Marsha, anaijambulira mnyumba ya Randy Wicker ku Hoboken komwe Marsha ankakhala. Randy anali wa gulu la ma gay lovala masuti lomwe linkafuna kusintha zinthu mwaulemu, ndipo pa tepi yomweyo akuvomera yekha kuti mu 1969 zipolowezo zinamunyansa, anakaima pagulu nkuzidzudzula. Akunena zimenezi Marsha ali pompo pambali pake, munthu amene pofika tsikulo anali atagona naye denga limodzi kwa zaka pafupifupi 9.